Musanalipire PS2, werengani kumbuyo kwake

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwanzeru kugula PlayStation 2 yakale kuti mubwerere ku gemu ya mpira ya PES 6 ndi GTA San Andreas, kapena mungoika emulator, pulogalamu yoseweretsa magemu a PS2, pa laputopu. Komanso kuti yabwino ndi iti pakati pa yaikulu ija ndi yopyapyala. Ine ndikuti gulani makina enieniwo. Emulator ya PCSX2 imagwira bwino laputopu ikakhala yamphamvu, sindikukana, koma inu mukulakalaka mapadi awiri, TV imodzi ndi mnzanu pambali akudandaula kuti kutenga timu ya Inter ya Adriano mu PES 6 ndi kubera. Zimenezo pa kiyibodi sizikoma.

Kungoti makinawa akalamba. Anatuluka ku Japan mu March 2000, yopyapyala inabwera mu 2004, ndipo Sony inasiya kuwapanga kumayambiriro kwa 2013. Mwayi wake ndi wakuti anagulitsidwa oposa 155 miliyoni, choncho zingwe, mapadi ndi zida zosinthira sizisowa.

Musanafunse mtengo, itembenuzeni muwerenge kapepala komatidwa kumbuyo kapena kunsi. Pali nambala yoyamba ndi SCPH, ndipo nambala yake yomaliza imanena kumene makinawo anapangidwira kuti akagulitsidwe: 0 ndi Japan, 1 ndi America, 3 ndi Britain, 4 ndi mayiko ena a ku Ulaya. Yaikulu ya ku Japan imafuna magetsi a 100V, ya ku America 120V, pomwe athu ndi 230V. Mukailumikiza osayang'ana, mungomva fungo la kupsa, basi nkhani yathera pomwepo. Sankhani ya PAL, monga za ku Britain ndi ku Ulaya, yolembedwa 220-240V. Nambala yomweyo ikuuzaninso za madisiki, chifukwa a ku Ulaya sawerengeka pa makina a ku America pokhapokha ngati munaikidwa chip chochotsa malire amenewa.

Matenda aakulu a PS2 ndi lenzi, kadiso kowerenga madisiki. Ikatopa imayamba kulemba Disc Read Error, kapena imangozungulira disiki uku ikulira kuti kete kete. Wogulitsa asakuonetseni gemu imodzi yomwe akudziwa kuti imalowa. Pitani ndi madisiki anu: ina ya kunsi kwa buluu, yomwe ndi CD, ina ya siliva, yomwe ndi DVD, ndipo ngati mungapeze God of War kapena Gran Turismo 4 tengani, chifukwa amenewa ali ndi magawo awiri m'disiki imodzi ndipo lenzi yofooka imaonekera pamenepo. Sewerani kwa kanthawi mpaka makina atenthe, mumve ngati fani ikuzungulira bwino.

Pa funso la yaikulu kapena yopyapyala, ine ndili kwa yaikulu. Kumbuyo kwake kuli malo olowetsa hard drive kudzera pa network adapter. Mukaika pa memory card Free McBoot, yomwe imalola PS2 kutsegula mapulogalamu omwe si a Sony, ndi pulogalamu ya OPL yotsegula magemu popanda disiki, mutha kukopera madisiki anu m'hard drive, lenzi n'kumapuma. Ambiri amagwiritsa flash, koma USB ya PS2 ndi yakale ija ya 1.1; mudzaona mavidiyo a m'kati mwa gemu akudukiza mpaka kukwiya. Yopyapyala ndi yabwino ngati malo ndi ochepa kapena mukufuna kumainyamula popita kwa anzanu, koma samalani ndi za SCPH-90000 zomalizira, zambiri mwa izo sizilola Free McBoot.

China chimene chimakhumudwitsa anthu ndi chithunzi. Mukalumikiza chingwe chachikasu chija pa TV yamakono yaikulu, osewera amaoneka ngati apakidwa phala, ndiye munthu n'kumati kani tinkasangalala ndi zimenezi? Vuto si gemu. Pezani chingwe cha component, cha mitu yobiriwira, yabuluu ndi yofiira, kapena kachipangizo kosinthira ku HDMI, kenako mu System Configuration musinthe Component Video Out ikhale Y Cb/Pb Cr/Pr, apo ayi TV ingokhala yakuda. Ngati kwa amayi kudakali TV yakale ya chimimba kumbuyo, kapempheni; magemuwa anapangidwira imeneyo.

Pa padi musaumire ndalama. Padi yeniyeni ya Sony, DualShock 2, ndi yolemerako m'manja ndipo mabatani ake amamva kuti mwadina mwamphamvu kapena pang'ono. Zotsanzira zimayamba kuyendetsa wosewera zokha musanakhudze n'komwe. Memory card ikhale ya Sony ya 8MB. Magemu a PS1 amaseweredwanso pa makinawa, koma kuti musunge pomwe mwafika pamafunika khadi ya PS1.

Magemu yambani ndi omwe mwatchulawo, kenako onjezerani Need for Speed Most Wanted ya 2005, Tekken 5 ndi God of War II ya 2007. Ngati Shadow of the Colossus inakupitani nthawi ija chifukwa tonse tinali pa mpira, ino ndiye nthawi yake. San Andreas yokha muzisewera ana atagona, zotukwana zili mmenemo si zochepa. Mukaipeza yomwe mukufuna kugula, jambulani kapepala ka kumbuyoko mutumize muno tione musanapereke ndalama.