Ku Nyika mu Julayi? Mukadasuntha pang'ono

Achemwali, mwati mukufuna kukagona m'matenti ku Nyika mu Julayi pamodzi ndi ana, ndiye mukufunsa ngati nyama zikaoneke. Kuoneka zikaoneka, koma ndikanakhala ine ndikanadikira Okutobala. Chelinda, komwe kuli malo okhomapo matenti, ili pamwamba kupitirira mamita 2,000, moti mu Juni ndi Julayi kumagwa chisanu chochita kuyeretsa udzu m'mawa. Si anthu okha amene amadana nako kuzizirako. Mbidzi ndi ntchefu zambiri zimatsikira kumunsi kofunda, n'kudzabwerera kukayamba kutentha, makamaka m'malo amene anatentha udzu ndipo msipu waphuka. Ngati chikukukakamizani ndi tchuthi cha ana, bola kumapeto kwa Ogasiti, koma mabulangete musaumire.

Anawo muwauziretu kuti mikango asayembekezere. Nyika si Liwonde kapena Majete. Ubwino wake ndi woti kumtundako kulibe tchire lobisa nyama, ndi zitunda za udzu basi mpaka maso kutopa, ndiye gulu la chilembwe mumaliona lili patali zedi. Chilembweyo ndiye chopitira kumeneko: m'mapaki ambiri n'chosowa, pomwe ku Nyika mungachipeze chikudya pafupi ndi msewu osatekeseka n'komwe. Mphoyo zimakonda m'madambo ndi m'mbali mwa madamu a pa Chelinda, njiri zili paliponse, ndipo mbawala zimafika mpaka pafupi ndi matenti. Ana asazipatse chakudya, ngakhale zioneke zofatsa bwanji.

Kambuku ndiye nkhani ina. Nyika imatchuka nawo akambuku, ndipo kawirikawiri amaoneka chakumadzulo kapena mbandakucha m'mphepete mwa nkhalango ya paini ya pa Chelinda, ija inabzalidwa m'zaka za m'ma 1950. Komabe musachite kuwerengera. Mukafika funsani za ulendo wa usiku wa pa galimoto ndi wolondolera, chifukwa maso ake ndi ozolowera, amaona zimene inu mungadutse osadziwa. Ngakhale kambukuyo akubisalireni, fisi, nkhandwe kapena njuzi sizisowa kwenikweni. Fisi ameneyo amazungulira ndithu pamisasa usiku, choncho zakudya, mapoto ngakhale nsapato muzitsekera m'galimoto, ndipo mwana asapite yekha kuchimbudzi kukada.

Njovu zimakhala kumunsi, chakugeti la Thazima, ndipo mu 2017 anabweretsako zina 34 kuchokera ku Liwonde. Mukazipeza pamsewu imani patali, musaimbe hutala, zidutse zokha.

Kwa okonda mbalame, mitundu yake imapitirira 400. Maluwa otchuka a ku Nyika, ma orchid, amachita bwino mu Januwale ndi Febuluwale, koma nthawi imeneyo msewu ndi matope okhaokha, sindingakulangizeni muli ndi ana.

Za msewuzi ndinenepo pang'ono, poti ambiri amapusitsidwa ndi mapu. Kuchoka pa Rumphi kukafika pa Chelinda ndi makilomita oposa 100, gawo lalikulu ndi lafumbi, ndipo mumatha maola anayi kapena kuposerapo. Pamafunika galimoto yokwera, makamaka ya 4x4. Mafuta mudzaziretu ku Mzuzu kapena pa Rumphi, muonjezere ena m'chigubu, chifukwa kozungulira kuona nyama nakonso kumadya mafuta. Zakudya mugulenso komweko. Nyamukani m'mamawa kuti mdima usakupezeni pakati pa Thazima ndi Chelinda.

Ndipo chonde musapite kukagona usiku umodzi wokha. Tsiku loyamba limathera pamsewu, lomaliza chimodzimodzi. Konzani mausiku atatu, kuti mupeze m'mawa umodzi wokwera pa Chosi, chitunda choonerapo patali, ndi madzulo amodzi okakhala pa nyanja ya Kaulime, pomwe mbidzi ndi chilembwe zimabwera kudzamwa madzi.