Kwa achemwali ofuna digiri ya mafizo ku America

Achemwali, funso lanu ndinaliona dzulo usiku koma maso anali atalemera, ndiye ndinati ndiyankhe lero mutu uli bwino. Kwa amene simunaliwerenge: achemwaliwa ali ndi digiri ya biology yomwe anaitenga ku yunivesite ya kunja kwa America, tsopano akufuna kuphunzira udokotala wa mafizo ku America, ndipo akufunsa ngati digiri yawoyo ikukwanira. Ndaona ena mwayankha kale kuti bola digiri ndi ya sayansi, basi zatheka. Pepani anzanga, si choncho ayi. Ine njira imeneyi ndinaiyenda, ndipo maganizo omwewa anandidyera chaka chathunthu.

Digiri imene mukuifunayo imatchedwa Doctor of Physical Therapy, mwachidule DPT, ndipo m'sukulu zambiri imatenga zaka zitatu. Kale kunali ya masters, koma kuyambira 2016 bungwe la CAPTE, lomwe limavomereza sukulu za mafizo ku America, limafuna kuti sukulu zonse zizipereka DPT. Sukulu iliyonse imene yakukomerani, yambani mwaona ngati ili pa mndandanda wa CAPTE musanataye ndalama ngakhale imodzi, chifukwa mayeso a laisensi otchedwa NPTE amayang'ana zimenezo.

Tsopano pamene pagona nkhani. Sukulu zimenezi sizisamala kwenikweni dzina la digiri yanu. Munthu wa digiri ya nyimbo kapena ya bizinesi atha kulowa, wa biology n'kutsala panja. Chimene amawerenga ndi makosi amene munalemba, imodziimodzi. Pafupifupi kulikonse amafuna anatomy ndi physiology ya munthu, biology, chemistry masemesita awiri, physics masemesita awiri, statistics, ndi psychology. Makosi a sayansiwo akhale ndi gawo la mu labu, ndipo giredi isatsike pansi pa C. Sukulu zina zimawonjezera zawozawo, monga exercise physiology, medical terminology, kapena psychology yachiwiri yokhudza kakulidwe ka munthu.

Ine chinandigwetsa ndi physics. Ndinali nditaiphunzira semesita imodzi, labu tinkalowadi, ndikukumbukira bwino tikuyeza kanthambo kolendewera kachitsulo ndi wotchi m'manja. Koma pa transcript panangolembedwa dzina la kosi, osatchula labu paliponse. Sukulu ina, sinditchula dzina, inandisunga miyezi inayi ili chete, kenako imelo ya mizere itatu: fomu yanu ndi yosakwanira. Osati kuti andikana, ayi, sanaiwerenge n'komwe. Ndalama za fomu zinapita, nyengo yolembera inatha, ndinayamba kudikira chaka china. Ndiye inu tengani transcript yanu lero lomwe, muike pambali pa mndandanda wa sukulu iliyonse, muzichonga ndi cholembera. Anthu a biology ambiri mumakhala muli ndi physiology ya nyama kapena ya zomera, ndipo imeneyo sukulu zambiri siziilandira m'malo mwa ya munthu. Onaninso zaka: sukulu zambiri zimafuna kuti makosi a sayansi asakhale akalekale, zina malire ake ndi zaka 7, zina 10.

Poti digiri yanu ndi yakunja, pali chipata china. Magiredi anu ayenera kutembenuzidwa kuti agwirizane ndi kawerengedwe ka ku America, komwe pamwamba penipeni ndi 4.0. Ntchito imeneyi amagwira ndi mabungwe ngati WES, ndipo muitanitse lipoti losanthula kosi iliyonse payokha, osati longonena kuti digiri yanu ikufanana ndi bachelor's. Yunivesite yanu yakale ndiyo iyenera kutumiza mapepalawo yokha, ndipo tonse tikudziwa kuti maofesi a zolembera ophunzira sathamanga. Yambani msanga. Chowawa china n'chakuti pali sukulu zimene zimalandira digiri yakunja koma n'kunena kuti makosi ofunikira aja muwalembe ku America kapena ku Canada basi. Musanalipire fomu, alembereni imelo muwafunse mwachindunji. Akatero, ambiri amakatsekera mipatayo ku community college, makoleji a m'dera a zaka ziwiri, poti fizi yake ndi yotsikirapo, ngakhale sukulu zina zimanyinyirika ndi labu yochitira pa intaneti.

Za magiredi, mudzaona paliponse palembedwa kuti 3.0 ndiye poyambira. Musakondwe nazo. Umenewo ndi mzere woti fomu yanu itsegulidwe chabe, otengedwa ambiri amakhala cha m'ma 3.5. Ndipo amawerengera kawiri: magiredi onse pamodzi, kenako a makosi ofunikira aja paokha. Ngati munalephera kosi n'kuibwereza, dziwani kuti PTCAS imawerengera maulendo onse awiri, giredi yoipa ija sifufutika.

PTCAS ndatchulayi ndi tsamba limodzi la pa intaneti lomwe sukulu zambiri za DPT zimalandirira mafomu, lili pansi pa APTA, bungwe la madokotala a mafizo ku America. Mumalemba kamodzi, n'kusankha sukulu, iliyonse yowonjezera ili ndi malipiro ake. Limatsegulidwa mwezi wa June kwa ofuna kuyamba chaka chotsatira. Sukulu zambiri zimatenga anthu pamene mafomu akufika, sizidikira tsiku lotsekera, ndiye wotumiza mu July ndi wotumiza tsiku lomaliza sakupikisana pa malo ofanana. Komanso PTCAS imatenga masabata angapo kutsimikizira ma transcript nthawi imene anthu achuluka.

Chinthu chimene anthu ochokera kunja chimawadzidzimutsa ndi maola oonerera ntchito. Sukulu zambiri zimafuna kuti mukhale mutapita kukaona dokotala wa mafizo wa laisensi akugwira ntchito, ndipo iyeyo atsimikize maola anu kudzera pa PTCAS. Chiwerengero chimasiyana kwambiri: zina sizikakamiza, zina zimati 40, zina 100 kapena kuposa. Ine ndikulangizani kuti musaunjike maola onse malo amodzi. Pitani ku kiliniki ya odwala oyendera komwe kumabwera a bondo ndi msana, mukapitenso m'chipatala mogonera kapena kosamalira okalamba. Ndi ntchito ziwiri zosiyana kutalitali. Tsiku langa loyamba mu wodi, bambo wina amene anadwala sitiroko ankaphunzira kudzuka pa bedi n'kukhala pa mpando. Zinatenga mphindi 20, thukuta lili kamukamu, dokotala atamugwira pa lamba wa m'chiuno, akuwerenga mokweza. Nkhani imeneyi ndi imene ndinakafotokoza pa intavyu, ndipo ndinaona kuti ndi pomwe anasiya kuyang'ana mapepala n'kuyamba kundimvetsera. Muziyenda ndi kabuku, muzilemba tsiku, maola, ndi zomwe mwaona, koma osalemba dzina la wodwala. Funsaninso sukulu ngati ilandira maola ochitira kunja kwa America, chifukwa zina zimafuna wosayinira akhale wa laisensi ya komweko.

Maola amenewa ndi amene amabala kalata. Nthawi zambiri amafuna makalata okuchitirani umboni awiri kapena atatu, imodzi yochokera kwa dokotala wa mafizo, ina kwa mphunzitsi amene anakuphunzitsani. Munthu amene anakuonani masana amodzi sangakulembereni chogwira mtima. Abale ndi anzanu saloledwa.

GRE, mayeso olowera maphunziro a pambuyo pa digiri yoyamba, sindichedwapo. Sukulu zambiri zinaisiya, zina zikuifunabe, ndiye sankhani sukulu kaye musanalipire mayeso. Zotsatira zake zimagwira ntchito zaka 5. TOEFL kapena IELTS, mayeso a Chingerezi, ndi zaka 2 zokha, ndipo musadabwe akakuuzani kuti mulembe ngakhale munaphunzira m'Chingerezi kuyambira muli mwana. Ine zinandipweteka mumtima, koma ndinalemba.

Ndalama ndiye musazione mopepuka. M'sukulu zambiri zomwe si zaboma fizi ya zaka zitatuzo imadutsa madola 100,000, osawerengera malo ogona ndi chakudya. Za boma zimatsikirapo kwa okhala m'chigawo chomwecho, koma wobwera pa viza ya ophunzira yotchedwa F-1 amalipira mtengo wa mlendo, ngongole za boma la America sapatsidwa, ndipo kuti sukulu itulutse fomu ya I-20 yofunsira vizayo muyenera kuonetsa kuti ndalama za chaka choyamba zilipo. Simunanene ngati muli ndi green card, chilolezo chokhazikika ku America, kapena ayi, koma nkhani yonse ya ndalama imatembenukira pamenepo. Si sukulu zonse za DPT zimene zimatenga ophunzira akunja, chimenechinso muchione poyambirira.

Kwa ena mukuwerenga amene muli kale ndi digiri ya mafizo yochokera dziko lina, zonse ndanenazi si zanu. Inu njira yanu ndi yopereka mapepala ku bungwe ngati FCCPT kuti awaunike, kenako mulembe NPTE kudzera m'chigawo chomwe mukufuna kugwirako ntchito. Ndipo amene anati achemwali angoyamba ndi PTA kenako adzakwera, chonde samalani. PTA ndi maphunziro a zaka ziwiri a wothandizira dokotala wa mafizo, ntchito yabwino ndithu, koma makosi ake kawirikawiri sachotsera zaka za DPT.

Akakutengani adzafunanso za katemera, satifiketi ya CPR (chithandizo chadzidzidzi kwa munthu amene mtima waima) ndi kufufuza ngati munapalamulapo, koma zimenezo n'zapatsogolo. Pakali pano lembani m'munsimu makosi a sayansi amene ali pa transcript yanu, mutchule ngati labu yalembedwapo ndi chaka chomwe munalemba, magiredi asiyeni. Ndiona madzulo ano ndikaweruka, ndikuuzeni amene akusowa.