Tifunseni: Makatungwe, Roller Coaster ndi Tisitima ta Ana

Makalata a mwezi uno achokera kwa makolo ndi eni malo osangalalira a mu mzinda wa Blantyre. Tasankhapo asanu.

Funso: Ndili ndi malo odyera, ndipo kuseri kwake kuli makatungwe awiri ndi slide yachitsulo zomwe zatha zaka 8. Ndapeza kandalama kokonzera malowa. Ndiyambire pati? — Bambo wa ku Namiwawa

Yankho: Yambirani pansi, bambo, penti abwere pomaliza. Ana ambiri ovulala pa malo otere amachita kugwa, ndipo chimene chimasiyanitsa kachotupa ka pachipumi ndi kuthyoka mkono ndi pamene agwerapo. Muyezo wa ku Ulaya wa zida zosewerera ana, EN 1176, umati ngati mwana angathe kugwa kuchokera popitirira masentimita 60, pansi pake pasakhale simenti kapena njerwa. Kapinga amaloledwa mpaka mita imodzi basi, koma kunsi kwa katungwe sakhalitsa. Mapazi amamupala mpaka patsale dothi lofiira lija, lomwe mu Seputembala limauma gwa ngati njerwa yootcha.

Chotsika mtengo kuno ndi mchenga wa kumtsinje, wosefa bwino, wopanda dongo. Kumbani dzenje, muyale miyala ya kwale masentimita 10, pamwamba pake chinsalu cholola madzi kudutsa, kenako mchenga. Ngati pokwera patali kwambiri ndi mamita 2, mchenga ukuye masentimita 30. Ngati pakufika mamita 3, omwe ndi malire a muyezowo, ukuye 40. Uzungulire chidacho osachepera mita imodzi ndi theka mbali zonse, ndipo pa chida cha mamita 3 ufike mamita awiri ndi theka. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa katungwe muwonjezere, paja ana amakonda kudumpha ali m'malere. Malo a mamita 6 kwa 8 adya mchenga wopitirira makiyubiki mita 14, choncho werengerani maulendo a lole musanagwirizane mtengo. Ngalande yotulutsa madzi kumunsi kwa dzenjelo musaiiwale. Dzenje lopanda potulukira madzi limasanduka dziwe mvula ya Januwale ikagwa masiku awiri, ndipo mchengawo pouma umagwirana n'kulimba. Muziupalasa ndi reki sabata iliyonse, kuchotsa magalasi ndi zonyansa za agalu.

Mukatha apo tengani tepi yoyezera. Mpata uliwonse wa pakati pa masentimita 9 ndi 23, kaya pa makwerero kaya pa zitsulo zotchingira m'mbali, ndi msampha: thupi la mwana limadutsa, mutu n'kutsakamira. Mabowo a mamilimita 8 mpaka 25 amagwira chala. Mabawuti otuluka aduleni n'kuwavindikira chifukwa amakola zingwe za majuzi. Fukulani m'tsinde mwa paipi iliyonse n'kuigogoda ndi hamala, poti dzimbiri limayambira pamene chitsulo chakumana ndi dothi, pomwe wopenta safikapo. Ngowe zokolekapo unyolo zikayamba kupyapyala, zisintheni. Slide yachitsuloyo iikireni mthunzi; dzuwa la Okutobala limaitenthetsa mpaka kuwaula ntchafu za mwana.

Funso: Tikupita ku Johannesburg pa holide ya Disembala ndipo ana akufuna akafike ku Gold Reef City. Ndamva kuti wamng'ono, wa zaka 4, akhoza kukabwezedwa pa roller coaster, kasitima kothamanga kokwera ndi kutsika pa njanji ya m'mwamba, chifukwa cha msinkhu. Bwanji sayang'ana zaka? Nanga zinthu zimenezi sizigwa pa njanji? — Mayi wa ana atatu, Chilomoni

Yankho: Mayi, chitsulo chotsekera wokwera pantchafu anachiyeza kuti chigwire thupi la msinkhu wakutiwakuti. Mwana wosafika pamenepo amatsala ndi mpata woti angathe kusolokera kunsi sitimayo ikakhota kapena kutsika mwadzidzidzi, kaya ali ndi zaka zingati. Ma coaster a banja ambiri amalola mwana wa pafupifupi mita imodzi ngati wakhala pambali pa wamkulu, koma malire amasiyana makina ndi makina. Muyezeni mwanayo kunyumba, mufunse malirewo musanagule matikiti. Musamuveke nsapato zazitali kuti apose mzere, ndipo woyendetsa akakana musalimbane naye, akutetezerani mwana. Pakiyo, yomwe inamangidwa pa mgodi wakale wa golide, ili ndi coaster yaing'ono yotchedwa Shongololo, bongololo m'Chichewa, ndipo ndi poyambira pabwino.

Za kugwa, mukafika mukawerame muone kunsi kwa mabogi. Pa ma coaster ambiri achitsulo njanji imagwiridwa ndi mawilo amitundu itatu: apamwamba onyamula kulemera, am'mbali oletsa kupatuka pokhota, ndi akunsi oletsa mabogi kunyamuka. Akunsiwa anawalembetsa ngati luso lake John Miller wa ku America mu 1919. Phokoso la kha kha kha limene limamveka pa ma coaster okokedwa ndi unyolo pokwera chitunda ndi kachitsulo kokola m'mano a m'mbali mwa njanji, koletsa sitima kubwerera chambuyo unyolo ukaduka kapena magetsi akazima. Mabuleki nawo amapangidwa mwakuti mphamvu ikachoka agwirebe.

Funso: Gulu lathu la amalonda likufuna kuitanitsa coaster ya banja yogwirapo kale ntchito kuti tiike ku Chigumula. Ena akuti tingopatsa owotcherera chithunzi atipangire. Mutilangiza bwanji? — Mlembi wa gulu, Limbe

Yankho: Owotcherera athu a ku Ndirande ndi aluso, ndipo makatungwe, mipando ndi mipanda apatseni ndithu. Koma njanji ya coaster ayi. Chitsulo chimene chimasuntha pang'ono ulendo uliwonse chimatopa. Mng'alu umayambira pa zowotcherera, wosaoneka ndi maso, n'kumakula mwakachetechete kwa miyezi. Kudziwa kuti chitsulo chipirira maulendo angati ndi masamu a injiniya, ndipo n'chifukwa chake kuli muyezo wa EN 13814, umene opanga ngati Zierer a ku Germany, Vekoma a ku Netherlands ndi Zamperla a ku Italy amagwira nawo ntchito.

Yogula kunja ndi yotheka, koma musatumize ndalama musanaone zitatu izi: buku la wopanga, buku lolembamo zonse zimene anakonzapo pa makinawo, ndi lipoti latsopano la injiniya wodziimira payekha amene wayeza ming'alu pa zowotcherera, ma ekiselo ndi zolumikizira mabogi. Wogulitsa akamazengereza pa mapepalawa, chokanipo. Onaninso kachitsulo kolembedwa pa mota. Magetsi athu a mafeizi atatu ndi a 400V pa 50Hz. Mota ya ku America ya 60Hz ikalumikizidwa kuno imachepa liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo 6, ndiye mungalowe m'zogula ina. Mawilo ake amakutidwa ndi polyurethane, mtundu wa pulasitiki wonga labala, ndipo amatha. Itanitsirani limodzi apadera, ndi mapadi a mabuleki ndi masensa, chifukwa makina kukhala miyezi osayenda podikira kachida kamodzi n'kumene kumagwetsa bizinesi. Khonsolo ya mzinda, a Malawi Bureau of Standards ndi a inshuwalansi akambireni ntchito isanayambe.

M'mawa uliwonse sitima iziyenda yopanda anthu maulendo angapo, chotsekera chilichonse chikokedwe ndi dzanja, ndipo woyang'anayo asaine m'buku. Antchito aziyeserera kutsitsa anthu pa chitunda magetsi atazima, jenereta ilipo kapena ayi. M'nyengo ya chiperoni chenjerani: mabuleki ofinya ndi matayala okankha sitima amaterereka akanyowa.

Funso: Kasitima koyendetsa ana: tigule ka panjanji kapena ka matayala? — Woyang'anira malo a maphwando, Nyambadwe

Yankho: Choyamba, mwasankha bwino. Kasitima amakwera agogo, mayi wobereka khanda ndi mwana wamantha, anthu amene coaster imawasiya pabenchi. Mukaona mmene ana amaunjikira pa sitima zakale zamalasha zimene zili panja pa myuziyamu ya ku Chichiri, simungakayike za msika wake.

Ka matayala n'kotsika mtengo, kamayendera mabatire, ndipo njira mungathe kuisintha. Vuto lake ndi zitunda za Nyambadwe. Pokwera mabatire amatha msanga, potsika mabogi odzaza amakankha mutu mpaka kupindika. Sankhani njira yathyathyathya, liwiro lisapitirire la munthu woyenda mothamanga, ndipo pa cholumikizira chilichonse pakhale unyolo wachiwiri wogwira pini ikasoloka.

Ka panjanji kamakhalitsa koma kamafuna chisamaliro. Tisitima ta m'mapaki timayenda pa njanji zotalikirana mamilimita 381 kapena 610, pomwe njanji yaikulu yodutsa pa Limbe ndi ya 1,067, ndiye kutakasuka pang'ono chabe kumagwetsa wilo. Yezani mpata wa njanjizo mwezi uliwonse, makamaka pokhota. Chitunda chisapitirire mamita 2 pa mamita 100 aliwonse. Mitanda yogonekapo njanji ikhale ya simenti kapena ya matabwa othiridwa mankhwala, apo ayi chiswe chiimaliza. Mvula yamphamvu ikagwa, yendani wapansi njira yonse muone ngati miyala sinakokoloke kunsi. Polumikizana zidutswa ziwiri za njanji siyanipo kampata: chitsulo cha mamita 6 chimafutukuka mamilimita 2 kutentha kukakwera ndi madigiri 30. Mpanda uzungulire njira yonse, ndipo podutsa anthu pakhale belu ndi geti.

Funso: Jumping castle imakhala yoopsa liti? — Mphunzitsi wa sukulu ya mkaka, Zingwangwa

Yankho: Mphepo ikafika makilomita 38 pa ola, pamene timitengo ting'onoting'ono tayamba kugwedezeka tathunthu, tulutsani ana onse n'kuiphwetsa. Imangidwe malo osachepera 6 ndi zikhomo zachitsulo zotalika masentimita 38, zonenepa mamilimita 16; njerwa ndi miyala si zomangira. Akuluakulu ndi ang'onoang'ono azilowa padera. Wamkulu mmodzi aime pakhomo nthawi yonse, aphunzitsi, chifukwa magetsi akazima makoma amawofokera ana amene ali mkati, ndipo woyamba kutulutsidwa akhale wamng'ono kwambiri.