Rousseau sanapondemo m'nkhalango zimene ankajambula

Achimwene, mwafunsa ngati Henri Rousseau anaziona ndi maso nkhalango zimene ankajambula zija. Ayi ndithu, mkuluyu sanatulukepo m'dziko la France. Ankagwira ntchito yokhometsa msonkho pa katundu wolowa mumzinda wa Paris, ndipo luso lojambula anadziphunzitsa yekha. Masamba akuluakulu aja ankakawaonera ku Jardin des Plantes, munda wa zomera wa ku Paris, m'nyumba zagalasi zosungiramo zomera za kumayiko otentha, pomwe nyama zambiri ankazionera m'mabuku a zithunzi. Taonani chithunzi chake cha 1891 cha nyalugwe wamizeremizere (tiger) mumkuntho, chimene chili ku National Gallery, nyumba yoonetsera zithunzi ya ku London: tsamba lililonse analipenta palokhapalokha, kubiriwira kwake kosiyanasiyana. Ine n'chimene chimandikoka. Ambiri ankamuseka kuti amajambula ngati mwana, koma Picasso, wojambula wotchuka uja, anamukonzera phwando mu 1908.