FUNSANI MALUME: Kodi makaseti a bambo anga ndiwawotche?

Funso: Malume, ndine mnyamata wa ku Kamwendo ku Mchinji, ndimaimba kwaya kutchalitchi kwathu. Bambo anga anatisiya chaka chatha ndipo anasiya katoni ya makaseti omwe anabwera nawo kuchokera ku Zambia komwe ankagwira ntchito kalekale, muli za Paul Ngozi, Beatles, Led Zeppelin ndi ena. Nde mkulu wina wa mpingo atawaona anati rock yonse ndi yausatana ndingowotcha basi, akuti ina ukaizunguza chobwerera m'mbuyo imatamanda mdyerekezi. Koma ine ndikamvetsera ndimamva akutchula Mary, kumwamba, pena aleluya. Nditani?

Yankho: Pepa mphwanga ndi imfa ya bambo. Machesiwo ayambe akhala kaye, chifukwa nyimbo zili m'katonimo sizofanana ayi.

Ya Mary ija ndi Let It Be ya Beatles, ya 1970. Ambiri amayesa akunena Amayi Maria, koma Paul McCartney wa gululi, amene anaipeka, anafotokoza yekha kuti ndi mayi ake omubereka, dzina lawo Mary, omwe anamwalira ndi khansa mu 1956 iye ali ndi zaka 14 zokha. Nthawi imene zinthu zinkamuvuta anawalota akumukhazika mtima pansi, nyimbo n'kubadwira pomwepo. Ine imeneyi imandigwira mtima zedi, kwathu kuno ndani sadziwa kulota malemu akukulankhula bwinobwino ngati ali moyo, udzuke m'mawa misozi ili m'maso koma mtima wapepuka? Iweyo amene bambo ako agona chaka chathachi uimva kuposa ine.

Ya aleluya mwina ndi My Sweet Lord ya George Harrison, yemwenso anali wa Beatles, nayonso ya 1970. Apa ndisakubisire, imayamba ndi aleluya koma kutsogoloko oyankha amasintha n'kuyamba Hare Krishna, lomwe ndi pemphero la Chihindu, chipembedzo chimene iye ankatsata. Ndi munthu wofunafuna Mulungu ndi mtima wonse inde, koma usakaitengere ku kwaya.

Tsono ija yobwerera m'mbuyo ndi Stairway to Heaven ya Led Zeppelin, ya 1971. Mphekeserayi inafala ku America cha m'ma 1982 kudzera mwa alaliki a pa TV, ndipo Robert Plant amene analemba mawu ake anakanitsitsa. Khutu la munthu limamva zomwe lauzidwa kale, wina akakuuza kuti tamvera apa akuti chakutichakuti, phokoso lililonse limasanduka mawu omwewo. Komabe mantha a mkuluwo sanangochokera m'mutu, woimba gitala wa gululi Jimmy Page ankakondadi mabuku a Aleister Crowley, munthu wa zamatsenga, mpaka anagula nyumba yake yakale ku Scotland. Zimenezo ndi zoona ndipo ine sindizikonda. Koma ukaimvera moongoka mmene anaiimbira, imayamba ndi nkhani ya mayi wina amene akuganiza kuti chuma chake chimugulira makwerero opitira kumwamba. Ine ndikaimva maganizo amandithamangira kwa Simoni wamatsenga pa Machitidwe 8, uja anatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mulungu Petro n'kumudzudzula koopsa. Kumeneko ndi kumva kwanga, sikuti oimbawo anatero, mawu ake ambiri ndi okuluwika moti aliyense amatolamo zake.

Funafunanso m'katonimo ngati muli The Byrds. Nyimbo yawo Turn! Turn! Turn! ya 1965, yomwe anaipeka Pete Seeger, pafupifupi mawu onse anangowatenga pa Mlaliki 3, paja pali nthawi yobadwa ndi nthawi yomwalira, yolira ndi yoseka, ndime yomwe mwina inawerengedwanso pa maliro a bambo ako. Inafika nambala wani ku America. A gulu la U2 nawo ali ndi ina dzina lake 40, yochokera pa Salimo 40.

Ukaipeza ya The Byrds ija, tenga wailesi ndi Baibulo upite kwa mkuluwo mwaulemu, osati kukatsutsana nawo, ukawapemphe atsegule Mlaliki 3 inu mukumvera limodzi. Imene iweyo ukuona kuti ikukusowetsa mtendere, iike padera usamaimvere. Makaseti enawo uwachotse pafupi ndi zenera, dzuwa la Okutobala limaononga tepi, ndipo ukapita ku boma ufunse anyamata okopera nyimbo ngati angakusamutsire pa memory card.