Dzina la Livingstone silitanthauza "mwala wamoyo"

Achimwene, mwafunsa ngati dzina la Livingstone limatanthauza "mwala wamoyo", komanso ngati onse a dzinali ali pachibale. Ayi ndithu, ngakhale tanthauzo limenelo limakoma paguwa mlaliki akafika pampondachimera.

Dzinali lili ndi mizu iwiri yosagwirizana n'komwe. Kufupi ndi mzinda wa Edinburgh ku Scotland kuli malo otchedwa Livingston. M'zaka za m'ma 1100 kunkakhala mkulu wina dzina lake Leving, ndipo kachidutswa kakumapetoko, "ton", kamangotanthauza mudzi. Basi, "kwa Leving", monga timanenera kwathu kuno. Eni malowo analitenga kukhala dzina la banja.

Koma David amene tinamuphunzira kusukulu uja sachokera kumeneko. Makolo ake akale anali a kuzilumba za kumadzulo kwa Scotland, olankhula chinenero cha Gaelic, ndipo mfunda wawo unali MacLea. "Mac" ndiye kuti "mwana wa". Likulu lawo ndi kachilumba ka Lismore, kumene banja lina mpaka lero likusunga ndodo ya Moluag, mlaliki wachikhristu amene anamwalira mu 592. Ndodo yamtengo chabe, yokalamba, koma ndiyo inkapatsa banjalo ulemu ndi malo. Cha m'ma 1600 anthu amenewa anayamba kudzilemba kuti Livingstone pa zikalata za Chingerezi, dzina lakwawo n'kumazilala pang'onopang'ono. Ndiye a Livingstone awiri akakumana, zili ngati a Phiri a ku Dedza ndi a Phiri a ku Chipata: dzina limodzi, koma magazi mufufuze kaye.

Agogo ake a David, a Neil, anasamuka pachilumba cha Ulva mu 1792 kukafuna ntchito kufakitale ya thonje ku Blantyre wa ku Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. David anabadwira komweko mu 1813, m'nyumba ya chipinda chimodzi, ndipo ali ndi zaka 10 anali kale pantchito yolumikiza ulusi. Chondiseketsa ine n'chakuti kwa zaka zambiri iye mwini ankasaina kuti Livingston, popanda "e" wakumapetoyo.

Wina wa dzinali amene timamudziwa bwino kuno ndi William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya Magomero, amene anaphedwa ndi anthu a John Chilembwe mu Januwale 1915. Ameneyu kwawo kunali ku Lismore kwenikweniko, kubanja losunga ndodo lija.