Yankho kwa amayi a ku Dómuè pa nkhani ya maulendo a mwana wawo ku Portugal

Amayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwana wanu wamkazi anapita ku Coimbra ndi bolsa (thandizo la ndalama za maphunziro) chaka chatha, ndipo pafupifupi Lamlungu lililonse mukumuona pa zithunzi ali malo achilendo, lero kunyanja, mawa kuphiri, mkuja pakhomo pa tchalitchi cha mzinda wina. Mukufunsa ngati kumeneku sikuwononga ndalama ndi kutayirira sukulu, komanso ngati muyenera kumuletsa. Ena ayankha kale kuti mumuletse. Ine ndikupempha kuti musafulumire kutero. Kwathu ndi ku Ulongué, ndipo ndinaphunzira mumzinda womwewo wa Coimbra kuyambira 2018 mpaka 2020, ndisanabwerere kudzaphunzitsa kuno ku Tete.

Nkhawa yanu ya ndalama ndi yomveka, chifukwa ndikudziwa kuti kangachepe komwe mumawonjezera pa bolsa kamachokera m'matumba a kachewere ndi chimanga, ndipo nthawi yomwe ndinali kumeneko euro imodzi inkadya pafupifupi meticais 70. Koma dziwani kuti dziko lonse la Portugal ndi laling'ono kuposa chigawo chathu chino cha Tete: kukula kwake konse ndi masikweya kilomita pafupifupi 92,000, pamene Tete amaposa 98,000. Kuchoka ku Coimbra kupita ku Lisbon ndi makilomita pafupifupi 200, mtunda wosafika ngakhale pa wa Ulongué ndi Tete, ndipo sitima imatenga maola awiri okha. Nyanja yomwe mwaiona pa chithunzi mwina ndi ya ku Figueira da Foz, komwe mtsinje wa Mondego umathera, ulendo wa ola limodzi pa sitima yotsika mtengo. Wophunzira amanyamuka m'mawa atatenga buledi ndi madzi m'chikwama, madzulo n'kukagona m'chipinda chake. Kampani ya sitima, CP, imachotserako mtengo achinyamata osapitirira zaka 25. Choncho chithunzi chokongola sichitanthauza kuti ndalama zambiri zapita.

Chomwe makolo ambiri sachiona ndi Loweruka la mwana amene sapita kulikonse. Mu Disembala dzuwa limalowa itangokwana 5 koloko, mvula yozizira imagwa masiku otsatizana, ophunzira a komweko amapita kwa makolo awo Lachisanu, ndipo nyumba yonse imangoti zii. Kwathu munthu sungadutse pakhomo pa wina osamva "mwaswera bwanji", koma kumeneko ukhoza kukwera masitepe limodzi ndi mnansi wako osayankhulana. Miyezi yanga itatu yoyamba ndinkadzitsekera ndi mabuku poganiza kuti ndiko kulemekeza ndalama za makolo, ndipo mapeto ake tulo tinkasowa, mtima unkangokhala kumudzi, zowerengazo osalowa. Ndinayamba kuchira pamene mnzanga wa m'kalasi anandikakamiza kuti ndizituluka naye.

Mnzanga yemweyo ndiye ananditengera kwawo ku Trás-os-Montes, kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, mu Febuluwale 2020, ndipo ulendo umenewo ndi womwe ndikufuna kukufotokozerani bwino. Ndisanapite ndinkaganiza kuti Ulaya yense ali ngati Lisbon. Ndinakapeza midzi ya nyumba zamiyala, zambiri zotseka, chifukwa ana anapita kukagwira ntchito ku France ndi ku Switzerland monga momwe anyamata athu amapitira ku Joni, n'kusiya nkhalamba zokhazokha. Agogo ake a mnzangayo anali atavala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi chifukwa cha umasiye. Anatikhazika pafupi ndi moto wa nkhuni, pamwamba pake atapachika nyama ya nkhumba kuti iume ndi utsi, ndipo anandipatsa msuzi wa kachewere ndi masamba odula mopyapyala, womwe amautcha caldo verde, pamodzi ndi broa, buledi wa ufa wa chimanga. Manja awo anali olimba ndi ong'aluka ngati a amayi anga. Anandifunsa ngati kwathu mvula inagwa bwino, ndipo atamva kuti timalima kachewere ndi nyemba, tinacheza za mbewu mpaka usiku ngati anthu a mudzi umodzi.

M'mawa mwake tinapita ku Podence, mudzi waung'ono wa m'dera la Macedo de Cavaleiros, pa chikondwerero chomwe chimachitika nyengo ya Lenti isanayambe. Tili chiimire m'kanjira, ndinamva mabelu akulira chapatali, anthu n'kuyamba kupatuka. Kenaka anatulukira anthu ovala zigoba zachitsulo za mphuno yosongoka, thupi lonse litakutidwa ndi zovala za ulusi wolendewera wofiira, wachikasu ndi wobiriwira, m'chiuno atamanga mabelu a ng'ombe, m'manja muli ndodo. Ankathamanga, kudumpha, kukuwa ndi kuthamangitsa akazi, amene ankathawa uku akuseka. Amawatcha Caretos. Amayi, thupi langa linachita tsembwe, chifukwa zomwe ndinkaona zinandikumbutsa gule akamatuluka kudambwe kulowa m'bwalo, ana ndi amayi akubalalika. Sindikunena kuti ndi chinthu chimodzi. Gule wamkulu ndi wa mizimu, amavinidwa pa maliro, pa chinamwali ndi polonga ufumu, ndipo ali ndi zinsinsi zomwe wosameta sayenera kuzidziwa, pamene ku Podence mwambowo lero ndi wachisangalalo, moti ena amavula chigoba poyera n'kujambulitsa ndi alendo. Koma chomwe chinandikhudza ndi ulemu umene eni ake ankaupereka ku mwambo wawo. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inali itangoulemba kumene pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu Disembala 2019, ndipo mudzi wonse unkanyadira.

Ine ndinakula ndikumva kuti gule ndi chinthu chochititsa manyazi, choyenera anthu osaphunzira, ndipo ndinafika ku Ulaya ndisanatchulepo dzina lake pamaso pa mzungu. Tsiku limenelo ndinauza mnzanga uja kuti gule wamkulu wa Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia analemekezedwa ndi UNESCO yomweyo mu 2005, zaka 14 iwo asanalandire ulemu wawo. Anadabwa, ndipo anandifunsa mafunso ambiri omwe ena ndinalephera kuyankha, moti nditabwerera kumudzi ndinakakhala pansi ndi atsibweni anga kuti andiphunzitse zomwe zimaloledwa kunenedwa. Zimenezi sindikanaziphunzira m'kalasi ya ku Coimbra, ngakhale kuti yunivesiteyo ndi yakale kwambiri, yoyambira mu 1290.

Ku Lisbon kuli phunziro la mtundu wina, lolemera pamtima. Ku Belém, m'tchalitchi cha Jerónimos, muli manda a Vasco da Gama, amene anafika pa Ilha de Moçambique mu 1498, ndipo chapafupi pali chipilala chachikulu cha m'mphepete mwa mtsinje wa Tejo chomwe boma la Salazar, wolamulira Portugal pa nthawiyo, linamanga mu 1960 potamanda maulendo apanyanja a Apwitikizi ngati umenewo. Ukaima pamenepo uli mdzukulu wa anthu omwe ankathawira ku Nyasaland poopa chibalo, umaona ndi maso ako kuti mbiri imodzi imakambidwa mosiyana malinga ndi mbali ya nyanja yomwe wakhala. Mumzinda womwewo munali Casa dos Estudantes do Império, nyumba yomwe ophunzira ochokera m'maiko olamulidwa ndi Portugal ankakumaniramo kuyambira 1944 mpaka pamene boma linaitseka mu 1965. Marcelino dos Santos, Amílcar Cabral ndi Agostinho Neto, amene pambuyo pake anatsogolera nkhondo zomenyera ufulu ku Mozambique, Guinea-Bissau ndi Angola, anadutsa m'menemo. Anali ana a eni ake otumizidwa kukaphunzira, ndipo maganizo a ufulu anakula pamene ankachezerana kunja kwa kalasi. Ndikanakonda mwana wanu akanakaona malo amenewa asanabwerere.

Ngati ndinu a Katolika, monga ambiri a kwathu ku Angónia, dziwaninso kuti Fátima, malo oyera a Amayi Maria, ali pafupi, ulendo wa ola limodzi pa basi. Ndipo phiri lomwe mwina munaliona loyera ndi chipale chofewa ndi Serra da Estrela, lotalika mamita 1993, losafika pa phiri lanu la Dómuè lomwe limaposa mamita 2000.

Tsopano sindikunena kuti ulendo uliwonse ndi wabwino. Alipo ophunzira amene amayenda pofuna zithunzi zokha, kukwera ndege kupita ku Paris kapena ku Barcelona ndi ndalama ya lendi, n'kubwerako osayankhulana ndi munthu ngakhale mmodzi wa kumeneko. Ameneyo ndiye woyenera kudzudzulidwa. Choncho m'malo momuletsa, mufunseni mwana wanu zinthu zingapo modekha. Lendi ndi chakudya cha mwezi walipira asananyamuke? Zotsatira za mayeso zili bwanji, popeza bolsa zambiri zimaimitsidwa wophunzira akalephera? Mu Januwale ndi mu Juni, nyengo ya mayeso, akhale pansi, ndipo mu Meyi, pa chikondwerero cha ophunzira cha Queima das Fitas pomwe mowa umamwedwa kwambiri, asamale ndi anzake oyenda nawo. Popeza ndi mtsikana, nthawi zonse pakhale munthu wodziwa komwe wapita, amene wapita naye ndi nthawi yobwerera.

Nkhani ya mapepala ndiyo ndikufuna muitsindike kwambiri. Ife a m'malire tinazolowera kuwoloka pa Calómuè kupita ku Dedza, kapena kukagula zinthu ku Lizulu, osaganiza kuti talowa dziko lina. Pakati pa Portugal ndi Spain nawonso nthawi zambiri palibe woimitsa munthu, chifukwa maiko onsewa ali m'mgwirizano wa Schengen, koma kusowa kwa chipata sikutanthauza kuti aliyense ndi wololedwa. Mlendo ayenera kukhala ndi pasipoti ndi chitupa chokhalira m'dziko chomwe sichinathe ntchito, ndipo asanagule tikiti afunse ku ofesi ya ophunzira akunja ya pa yunivesite ngati mtundu wa chitupa chakecho ukumulola kutuluka. Ngati akudikirabe chitupa chatsopano, ayende m'kati mwa Portugal momwemo.

Mukamuimbira Lamlungu likubwerali, mufunseni kuti anadya kwa yani, anaona chiyani chofanana ndi kwathu, ndipo iye anawauza chiyani za ku Dómuè. Mayankho akewo adzakuuzani mtundu wa maulendo omwe akuyenda. Mungamutumizirenso ufa pang'ono ndi nsomba youma ya chicoa akapezeka wopita, kuti tsiku lina aphikire nsima anzake omwe amamuitana kwawo. Apwitikizi amakonda nsomba yawo yamchere ya bacalhau, ndipo anzanga anadya chicoa mosangalala. Akafuna kukaona Caretos ku Podence, ayambe kusunga ndalama mu Disembala ndi kufunafuna mnzake wa kumeneko woti akagone kwawo, chifukwa mudziwo ndi waung'ono ndipo alendo amachuluka. Atengenso jekete lolemera, popeza kuzizira kwa ku Trás-os-Montes mu Febuluwale kumaposa kwa ku Tsangano mu Juni.